Kalata yochokera ku Johannesburg

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino. Ine kuno ndili bwino, ntchito ikuyenda.

Munandifunsa pafoni ngati mabwana anga ndi anthu abwino. Yankho lake ndi lalitali, n'chifukwa chake ndalemba. Sanandikalipirepo. Malipiro sachedwetsa, ndipo amatsata lamulo limene kuyambira 2022 limati wantchito wa m'nyumba asalandire zochepera malipiro otsikitsitsa a antchito ena. Adona "chonde" ndi "zikomo" sizichoka pakamwa. Koma kapu ndi mbale yanga zimakhala pazokha, kunsi kwa sinki, pamodzi ndi sopo. Anandionetsa akumwetulira, amvekere, "Izi ndi zakozako, kuti uzimasuka." Chakudya chawo ndimaphika ndine, mwana wawo ndimasambitsa ndine. Manja anga alibe vuto pa zonsezi, nanga milomo yangayi yalakwa chiyani?

Chimene chimandiwawa kwambiri, amayi, ndi kuyamikira kwawo. Alendo akabwera amawauza kuti, "Amalawi ndi okhulupirika, odzichepetsa, savuta ngati akunowa." Apo n'kuti ine ndili chiimire pomwepo ndi thireyi m'manja. Ukamva koyamba umayesa ulemu. Komatu akunyoza anzathu akuda a dziko lino, ndipo ine akundiuza kuti ubwino wanga wagona pa kutseka pakamwa. Ndikadzangodandaula za maola owonjezera, basi ndasiya kukhala Mmalawi wabwino uja. Mlendo wina anandifunsa mokoma kuti, "Chingerezi chabwino chonchi unachiphunzira kuti?" Maso ali tong'o, ngati kwathu kulibe sukulu.

Tsankho la apartheid linachoka m'malamulo mu 1994, koma m'makhitchini ena likadalimo, langophunzira kulankhula mofatsa. Inu mumaopa ziwawa zochitira anthu obwera zonga za mu May 2008, zimene zinayambira ku Alexandra konkuno ku Johannesburg n'kupha anthu 62, ndipo ndi zoopsadi. Koma zimenezo munthu umaziona n'kuthawa. Wokutukwana m'minibasi kuti ndiwe kwerekwere, dzina lonyozera ife obwera, umadziwa kuti sakukufuna. Nanga amene wakupatsa moni wansangala uku akusunthira chikwama chake kutali nawe, ukamudandaule kuti wakulakwira chiyani? Umangomeza, usiku tulo osabwera.

Sabata yamawa ndikufuna ndikhale pansi ndi adona tikambirane za maola ndi tsiku lopuma. Ndilankhula mwaulemu monga munandilerera, koma ndilankhula. Mundipempherere. Ndalama ya mankhwala anu nditumiza mwezi ukatha. Mundiperekere moni kwa onse.

Ndine mwana wanu wokukondani.