Zikomo a Prusa Research, printa yanu ikadali moyo kuno ku Zomba

Kwa a Josef Průša ndi onse ogwira ntchito ku Prusa Research,
Prague, Czech Republic.

Okondedwa akuluakulu,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mmisiri wokonza mawailesi, ma TV ndi timakina ta m'nyumba kuno ku Zomba, m'dziko la Malawi. Sitinaonanepo, ndipo printa yanu imene ndili nayo sindinagule kwa inu, choncho dzina langa mulibe m'mabuku anu. Komabe kwa zaka zingapo ndakhala ndi ngongole ya mawu kwa inu, ndipo lero ndati ndibweze. Ndalemba m'Chichewa dala, chifukwa zikomo wochokera pansi pa mtima amatuluka bwino m'chinenero chimene munthu anayamwira, komanso ndikufuna amisiri anzanga kuno awerenge nawo.

Dzina lanu ndinayamba kulimva mu 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, pamene munapanga zotchingira kumaso za achipatala n'kupereka mapulani ake ulere kuti aliyense wokhala ndi printa ya 3D, makina oumba zinthu zogwirika ndi pulasitiki wosungunuka, apange nawo. Nthawi imeneyo n'kuti ndisanaionepo ndi maso printa yotere. Chaka chotsatira alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anapeza Original Prusa i3 MK3S yogwirapo kale ntchito, mwini wake akugulitsa. Anaikulunga m'mabulangete n'kuikweza basi. Inadutsa pa Beitbridge, kuwoloka Zambezi ku Tete, n'kulowa pa Mwanza, itapanikizika pakati pa zikwama ndi matumba a anthu ena. Nditamasula mabulangetewo ndinapeza kachitseko kapulasitiki kamene kamakanikiza filament (chingwe cha pulasitiki chimene printa imasungunula popanga zinthu) pa giya katasweka pakati.

Ndinagwira njakata. Kuno tinazolowera kuti chinthu chochokera kunja chikangothyoka kanthu kamodzi, basi chatha. Mutazungulira kuseri kwa mashopu athu, kapena m'zipinda zosungiramo katundu m'masukulu, mungapeze mafotokope, mafani ndi makompyuta ataunjikana, atachita fumbi. Ambiri anafa chifukwa cha kanthu kosaposa chala, kamene eni ake sagulitsa pakokha kapena anasiya kalekale kupanga. Ndinaona ngati printa yanga yalowa m'gulu lomwelo isanagwire n'komwe ntchito.

Usiku umenewo ndinagula bandulo n'kuyamba kufufuza. Ndinapeza kuti mafailo a ziwalo zonse zapulasitiki za makinawa munawaika poyera, aliyense atenge. Buku lofotokoza kamangidwe kake linali pomwepo, ndi zithunzi, sikuluu iliyonse ikuoneka pamene imalowa. M'mawa ndinadula mphira wa chubu cha njinga, womwe uja timamangira katundu pa kaliyala, n'kumanga kachitseko kosweka kaja kuti kagwire kwa kanthawi. Ndinapaka guluu wa mapepala pa mbale ya printa, pamene chinthu chimaumbidwirapo, monga mmene malangizo anu amanenera, poti pulasitiki wa mtundu wa PETG amamata kwambiri pa mbale yosalala, n'kulowetsa filament imene alamu anatumiza. Kenako ndinaima pambali ndikuyang'ana makina omangidwa ndi mphira akudzipangira okha chiwalo chatsopano, mzere pamwamba pa mzere ngati womanga akuyala njerwa. Kachitseko kameneko kali pomwepo mpaka lero.

Pambuyo pake ndinadzadziwa kuti zimenezi sizinangochitika mwamwayi. Zinachokera kwa a Adrian Bowyer amene mu 2005, ali pa University of Bath ku England, anayambitsa ntchito ya RepRap, maganizo awo ali oti makina azitha kupanga ziwalo za makina anzake ndipo mapulani asamabisidwe. Inu a Průša munakulira m'gulu limenelo, munafewetsa printa ya RepRap yotchedwa Mendel, kenako munatulutsa i3 ndi kukhazikitsa kampani mu 2012. Ambiri akayamba kupeza ndalama amatseka chitseko chimene analowera. Pa MK3S imene ili patebulo pangayi, inu munachisiya chotsegula, ndipo ine ndinalowera pomwepo.

Tsopano ndinene za firmware, pulogalamu ija imakhala m'kati mwa bolodi, chifukwa pamenepa ndi pamene pagona zikomo wanga wamkulu.

Kuno magetsi amazima, nthawi zina mosachenjeza. Kwa munthu wosindikiza zinthu za 3D limeneli ndi vuto loopsa, poti chinthu chimodzi chimatha kutenga tsiku lathunthu. Tsiku lina ndinkapanga bokosi lotetezera chowongolera batire ya sola, la mayi wina wa golosale. Linali loti litenge maola 11. Litatha maola 8, fani inangoti zii, nyumba yonse mdima. Chimene ndinaona m'kamphindi komweko sindidzaiwala: magetsi atapita kale, mutu wa printa unanyamuka pang'ono kuchoka pa bokosi lija, n'kuima. Ine monga wokonza mawailesi ndikudziwa kuti makapasita amasunga kamphamvu kochepa magetsi akangoduka. Koma kuti munthu anakhala pansi n'kuganiza zoti kamphamvu kameneko kasatayike, makina azimitse zotenthetsa, alembe pamene afika, ndi kuchotsa nozzle yotentha, kamlomo kotulutsa pulasitiki, kuti isasungunule ntchito, zimenezo zinandikhudza. Magetsi atabwera sikirini inandifunsa ngati ndikufuna kupitiriza. Ndinavomera. Inatenthetsanso, n'kubwerera pa mzere womwe inalekezera. Pa bokosilo panangotsala kachipsera kopyapyala koti munthu sangakaone pokhapokha atauzidwa.

Inu mumaitcha Power Panic. Ndaphunzira makhalidwe ake: imafuna kuti ntchito ichokere pa SD khadi, ndipo magetsi akachedwa kwambiri mbale imazizira, chinthu chija n'kumatuka chokha, ndiye pamenepo palibe chopulumutsa. Sindiyembekezera kuti ichite zosatheka. Koma ma kilogalamu a filament amene yandipulumutsira ndi ambiri, ndipo kuno filament sitigula pa msika. Timaitanitsa kunja n'kudikira masabata.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti zonsezi zikuchitika pa kachipangizo kakang'ono ka ATmega2560, komwe kaja kali pa Arduino Mega, kokhala ndi malo a makilobaiti 256 okha. M'kachipinda kopanikiza chonchi munakwanitsa kuikamo zoyeza kusalala kwa mbale, zozindikira kuti mutu wagunda chinachake, ndi kayendedwe kachete kamene kamandilola kusindikiza usiku ana ali m'tulo m'chipinda chinacho. Ndipo simunaisiye printa yakaleyi. Patapita zaka kuchokera pamene MK3 inatuluka mu 2017, munatulutsa firmware 3.12 imene imayang'anira katenthedwe ka nozzle n'kuimitsa makina ikaona kuti kutentha sikukuyenda mmene kuyenera kuyendera. Ine shopu yanga ndi nyumba yanga zili denga limodzi. Chitetezo chimenecho chinandifika popanda kulipira tambala. Ndikudziwa kuti muzu wa firmware yanu ndi Marlin, imene a Erik van der Zalm anayamba mu 2011, choncho mukakumana ndi anthu amene amaisamala muwaperekereko moni wanga.

Za PrusaSlicer ndinene motere, kuti anzanga amene sanaionepo amve. Chithunzi chimene wajambula pa kompyuta, printa sichimva. Pamafunika pulogalamu yoti ichiduledule m'timagawo topyapyala, ngati mmene amayi amadulira anyezi, kagawo kalikonse mamilimita 0.2, n'kulemba malangizo a G-code ouza makina koyenda, liwiro lake ndi kutentha kwake. Tsiku limene ndinatsegula failo ya G-code ndinapeza kuti ndi mizere yowerengeka ndithu. G28 ndiye kuti bwerera poyambira. M104 S215 ndiye kuti tenthetsa nozzle kufika madigiri 215. Palibe chobisika. Munthu wozolowera kutsata mawaya pa bolodi ngati ine, kuona m'mimba mwa chinthu chonchi kumandipatsa mtendere.

Poyamba sindinkadziwa kanthu, koma zoikiratu zanu zinandinyamula. Ndinkangosankha dzina la printa ndi mtundu wa filament, zina zonse zinali zokonzedwa kale. Chimene ndimakonda koposa ndi chakuti isanayambe ntchito imandiuza magalamu a pulasitiki amene apite ndi maola amene atenge. Pamenepo ndimatha kuuza kasitomala mtengo woona, osamudyera masuku pamutu komanso osadzipweteka ndekha. Ndiye mu 2023, ndi PrusaSlicer 2.6, munabweretsa zochirikiza zooneka ngati mitengo ya nthambi, zogwirira mbali zolendewera za chinthu chimene chikusindikizidwa kuti zisagwe. Kale zochirikiza zinkaima ngati khoma, kudya filament yambiri, pochotsa n'kusiya mabala. Zatsopanozi zimakwera mopendama n'kukagwira pokhapo pofunika, ndendende mphanda imene timachirikizira nthochi ikalemedwa ndi mkoko. Ukathyola zimangoti thyo, ntchito n'kutsala yoyera.

Ndipo pulogalamuyi imagwira ntchito popanda intaneti. Kwa inu mwina ndi nkhani yaing'ono, koma kuno bandulo ndi ndalama ya ndiwo. Ndinaikopera kamodzi, ndinaiika pa fulashi, ndipo mnzanga wa ku Blantyre amene ali ndi printa ya kampani ina akuigwiritsa ntchito mosavuta. Inu munaitenga kwa a Alessandro Ranellucci, eni ake a pulogalamu ya Slic3r, n'kuikulitsa, ndipo ena atenganso kwa inu: mapulogalamu a Bambu Studio ndi OrcaSlicer mizu yake ili pa ntchito yanu. Ndikuganiza kuti nthawi zina zimawawa kuona opikisana nanu akukolola m'munda umene munalima. Ndikupempha kuti zimenezo zisakubwezeni m'mbuyo. Makina ofuna akaunti ndi intaneti nthawi zonse, amene mwini wake saloledwa kuwatsegula, kuno sangakhalitse.

Sindingaiwale anthu. M'nyengo ya dzinja yoyamba, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku pansi pa phiri la Zomba, printa inayamba kuthetheka pa nozzle ngati nkhuni zaziwisi, zinthu n'kumatuluka ndi ulusi ngati wa kangaude. Ndinamasula, ndinapukuta, ndinasintha nozzle, osathandiza. Munthu wina wa kutali kwambiri, amene amagwiritsa ntchito makina ngati anga, ataona chithunzi chimene ndinaika pa intaneti anandifunsa funso limodzi lokha: kodi filament mumasunga pati? Inali pa msomali pakhoma, ikumwa chinyontho. Nditamuuza kuti ndilibe choumitsira, sanandiuze kuti ndikagule. Anandiuza kuti ndigoneke mkombero wa filament pa mbale ya printa yomweyo, nditenthetse mbaleyo, ndivundikire ndi katoni yobowola timabowo, ndisiye maola angapo. Zinatheka. Lero filament yanga imagona m'ndowa yotseka bwino. Munthu ameneyo sadzadziwa kuti anandibwezera ntchito ya mwezi wathunthu.

Nawonso antchito anu othandiza makasitomala ndinawapeza mzere woyamba utakana kumata pa mbale. Ndinalemba mwamantha, poti ndinalibe lisiti. Anandiyankha mwaulemu ngati kuti ndagula dzulo, anandiyendetsa pang'onopang'ono potsitsa nozzle mpaka mzere unagona bwino, n'kundikumbutsa kutsuka mbale ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale kuti mafuta a m'manja achoke.

Mwina mungafune kudziwa zimene makina anu amachita kuno. Sapanga zidole kawirikawiri. Amapanga zogwirira mapoto, zotsekera mabatire a matochi, timagiya, zotembenuzira za makuka. Koma ntchito imene ndimaikumbukira kwambiri ndi ya agogo ena aamuna amene anabwera ndi wailesi yakale atayikulunga m'chitenje. Anati anaigula ali mnyamata, akugwira ntchito m'migodi ku Joni. Kagudumu kamene kamakoka chingwe posaka siteshoni kanali katafumbutuka. Ndinatolera tizidutswa, ndinayeza ndi vernier, ndinajambula, ndipo pasanathe ola kagudumu katsopano kanali m'manja mwanga kakadali kofunda. Nditakoleka chingwe, singano inayenda pagalasi, mawu n'kutuluka. Agogowo anavula chipewa, anaika khutu pa wailesi, ndipo kwa kanthawi sananene kanthu. Kenako anawomba m'manja mwaulemu, kuyang'ana ine, kuyang'ananso makina aja. Kuwomba m'manja kumeneko gawo lina ndi lanu, n'chifukwa chake ndakusimbirani.

Pempho langa ndi laling'ono. Ndikudziwa kuti munapita patsogolo, MK4 inatuluka mu 2023 ndipo zina zatsopano zikubwerabe. Koma mafailo, mabuku ndi firmware za MK3S musadzazichotse. Makina amene kwanu akutengedwa ngati akale, kuno ndi kumene akufika.

Panopa ndikuphunzitsa ntchitoyi mwana wa achemwali anga, mtsikana wa manja aluso koma Chingerezi chimamupinga. Ndinaona kuti firmware yanu ili ndi zinenero zingapo, zina zomasuliridwa ndi anthu wamba ongodzipereka. Ndiye madzulo tikatseka shopu timakhala ndi kope, kulemba mawu a pa sikirini m'Chichewa. Sikiriniyo ili ndi mizere 4, mzere uliwonse zilembo 20, ndipo mawu athu ndi aatali, choncho timawerenga zilembo ndi zala. "Lowetsani filament" yakwana, zilembo 18. "Tenthetsani" yakwana. Funso lija la magetsi tinalimbana nalo masiku awiri, mpaka mtsikanayo anapeza yekha: "Magetsi anazima. Ndipitirize?" Tikadzamaliza kopeli tidzakutumizirani.

Ine wanu wothokoza,
Mmisiri wa zamagetsi,
Zomba, Malawi.