Mpando wa mpikisano waukulu wa poker si wotsika mtengo monga anyamata akunenera

A Mkonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene ambiri amaikamba monong'ona chifukwa imakhudza juga. Ndine Mmalawi wokhala ku Johannesburg, kumene ndimagwira ntchito yowerengera katundu pa kampani ina, ndipo kwa zaka zinayi ndakhala ndikusewera masewera a makadi otchedwa poker pa masiku anga opuma. Sindine katswiri, banja langa silidyera makadi, ndipo kabuku kamene ndimalembamo ndalama zolowa ndi zotuluka kakuonetsa kuti m'zaka zonsezi ndataya zochulukirapo kuposa zimene ndapata. Mwezi wamawa ndikukalowa mpikisano wa mtundu umene osewera amautcha satellite, wa ndalama zambiri kuposa mipikisano yonse imene ndidalowapo. Chandikakamiza kulemba ndi mmene anyamata akwathu kuno, ngakhalenso ena amene amandiimbira foni kuchokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amaukambira mpikisano wotere ngati kakhomo kotsika mtengo kolowera ku chuma.

Kwa amene sadziwa, satellite ndi mpikisano waung'ono umene mphoto yake si ndalama, koma mpando mu mpikisano waukulu. Umene ndikukonzekerawu ukachitikira pa kasino ina yovomerezeka, ndipo wolowa aliyense akulipira R1,650, mwa imene R150 ndi ya eni malo ndipo R1,500 ndiyo ikulowa m'thumba la mphoto. Mpando wa mpikisano waukuluwo ndi wa R15,000, kutanthauza kuti pa anthu khumi alionse olowa, mmodzi yekha ndiye adzakhale pa mpandowo, pamene anzake asanu ndi anayi adzakhala atamusonkhera. Ine ndidazolowera mipikisano ya R300, choncho apa ndikukwera phiri.

Njira imeneyi si yachilendo. Idayambira ku Las Vegas, m'dziko la America, pa mpikisano wotchedwa World Series of Poker, umene udakhazikitsidwa mu 1970 ndipo mpando wa gawo lake lalikulu ndi wa madola 10,000. Amene amatamandidwa kuti adaganiza zoyambitsa ma satellite ndi Eric Drache, yemwe ankayendetsa mpikisanowo, ndipo mu 1983 Tom McEvoy adakhala munthu woyamba kupambana gawo lalikululo atapeza mpando kudzera m'njirayi. Koma dzina limene lili pakamwa pa wosewera aliyense wongophunzira ndi la Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee, amene mu 2003 adalipira madola 86 pa PokerStars, malo osewerera poker pa intaneti, napambana ma satellite awiri motsatizana, kenako n'kugonjetsa anthu onse pa mpikisano wa osewera 839 n'kutenga madola 2.5 miliyoni. Chaka chotsatira olowa adafika 2,576, ndipo mu 2006 adakwana 8,773, ambiri a iwo atakopeka ndi mbiri ya munthu mmodziyo. Kuno ku South Africa amakambanso za Raymond Rahme, amene adakhala wachitatu mu 2007 n'kulandira madola opitirira 3 miliyoni, chaka chimene Jerry Yang adapambana atalowa ndi satellite ya madola 225.

Zonsezi n'zoona, koma masamu amene amasiyidwa pofotokoza ndi amene ine ndidayambira pokonzekera. Ngati luso langa lili lofanana ndi la anzanga pa tebulo, mwayi wanga wopeza mpando ndi umodzi pa khumi. Kuyesa maulendo khumi kungandidyere R16,500, imene ndi yochuluka kuposa kungogula mpandowo ndi R15,000, ndipo ngakhale nditayesa maulendo khumiwo, masamu akuonetsa kuti pafupifupi anthu 35 pa 100 alionse ochita chimodzimodzi amatha maulendo onsewo osapeza mpando ngakhale umodzi. Kupeza mpando nakonso sikuti ndiye ndalama yalowa m'thumba, pakuti m'mipikisano yambiri yaikulu amene amalandirako kanthu ndi anthu pafupifupi 15 pa 100. Tikaphatikiza ziwirizi, pa anthu 200 olowa satellite, 20 apeza mpando, ndipo atatu okha ndiwo abwerera kwawo ndi ndalama. Amene amapindula kwenikweni ndi ma satellite ndi osewera oposa anzawo luso, ndipo pa mtengo wa R1,650 akatswiri otere amabwera ambiri, chifukwa amadziwa kuti kumakhala anthu ngati ine amene manja awo amanjenjemera akaganiza kuti ndalama ili pa tebuloyo ndi ya lendi ya chipinda.

N'chifukwa chake kukonzekera kwanga kudayambira pa ndalama, osati pa makadi. Kwa miyezi itatu ndakhala ndikupatula R550 mwezi uliwonse n'kuiika mu envulopu, nditalipira kale lendi, chakudya ndi zofunika za ana, komanso nditatumiza kumudzi ndalama ya fetereza, imene siyenera kukhudzidwa zivute zitani. Mayi a kunyumba akudziwa za envulopuyo ndiponso tsiku limene ndidzainyamule. Ndalamayo ndaiwerengera kale ngati yotayika, monga munthu amawerengera ndalama imene wagulira tikiti yokaonera mpira, chifukwa wosewera amene akuopa kutaya zimene waika amaponya makadi, kutanthauza kuwasiya n'kugonja ulendo umenewo, pamene amayenera kulimba, n'kulimba pamene amayenera kuponya. Mipikisano yambiri imalola wogonja kulipiranso n'kubwerera pa tebulo nthawi yolembetsa isanatsekedwe, ndipo apa m'pamene ndalama za anthu zimathera, pakuti munthu amene adati awononga R1,650 amazindikira pakati pa usiku kuti wawononga R4,950. Ine ndidzalowa kamodzi kokha, khadi la kubanki ndidzalisiya kunyumba, ndipo za ngongole kapena katapila pa nkhani ya makadi sindifuna n'komwe kuzimva.

Gawo lovuta kwambiri, limene landitengera nthawi yaitali kulimvetsa, ndi loti satellite siseweredwa ngati mpikisano wamba. Mu mpikisano wamba woyamba amalandira zambiri kuposa wachiwiri, choncho munthu amalimbikira kuunjika ma chips, timakobidi ta pulasitiki tija tosewerera, mpaka onse atakhala patsogolo pake. Mu satellite ya mipando isanu ndi itatu, amene watsala ndi mulu waukulu ndi amene watsala ndi kachip kamodzi amalandira mpando wofanana, pamene wachisanu ndi chinayi amatuluka chimanjamanja. Cholinga ndi kutsala, osati kugonjetsa wina aliyense, ndipo zimenezi zimatembenuza pafupifupi chilichonse chimene wosewera adaphunzira.

Phunziro limeneli ndidaligula modula chaka chatha pa satellite yaing'ono. Mipando idali isanu ndi umodzi, tidatsala anthu asanu ndi awiri, ndipo mulu wanga udali wachitatu kukula. Ku mapeto a tebulo kudali bambo wina wachikulire amene ma chips ake sakadakwanira ngakhale kuzungulira kumodzi kwa ma blind, ma chips amene wosewera aliyense amakakamizidwa kuika nthawi yake ikafika. Ndidalandira ma king awiri, ndipo mnyamata amene adali ndi mulu waukulu kuposa tonse adakankha ma chips ake onse pakati. Sindidaganize n'komwe, ndidavomera. Iye adali ndi ace ndi 9, makadi amene ma king anga amawagonjetsa pafupifupi maulendo 7 pa 10, koma khadi lomaliza la pakati pa tebulo, limene osewera onse amaliphatikiza ndi makadi awo, lidatuluka ace, ine n'kutuluka pa nambala seveni, bambo uja n'kupeza mpando asadasewere dzanja lina lililonse. Kwa masabata angapo ndinkadandaula kuti ndidachita tsoka, mpaka nditakhala pansi n'kuwerengera bwino. Ndikadaponya ma king aja, mpando udali wanga pafupifupi mosakayikitsa, chifukwa bamboyo adali atatsala pang'ono kumezedwa ndi ma blind. Povomera, ndidasinthanitsa chinthu chimene chidali kale m'manja ndi mwayi wa 7 pa 10, ndipo ngakhale ndikadapambana dzanjalo, mphoto yanga ikadakhala mpando womwewo. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, ndipo usiku umenewo pusiyo ndidali ine.

Anthu amadabwa akamva kuti pa nthawi ngati imeneyi, imene osewera amaitcha bubble, n'koyenera nthawi zina kuponya ngakhale ma ace awiri, makadi amphamvu kuposa onse amene munthu amawalandira kamodzi pa maulendo 221. Komatu ma ace nawo amagonja pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu akakumana ndi makadi ena awiri ofanana, monga ma king awiri, ndipo munthu amene mpando wake watsimikizika kale alibe chifukwa choikira moyo wake pa chiswe chotero. Mbali ina ya lamulo lomweli ndi yakuti wokankha ma chips poyamba ali ndi mphamvu kuposa wovomera, chifukwa anzake a milu yapakatikati amaopa kutuluka. Motero ndikuphunzira kukankha pamene mulu wanga wayamba kuchepa koma ukadali woopsa, makamaka polimbana ndi amene ali ndi zambiri zoti ataye, ndi kupewa kulimbana ndi mwini mulu waukulu, amene angandivomere akuseka.

Kuti ndidziwe nthawi yolimba ndi nthawi yokhala chete, ndapempha kale pepala loonetsa dongosolo la mpikisanowo. Aliyense adzayamba ndi ma chips 10,000, ndipo ngati tidzalowe anthu 80, onse pamodzi adzakhala 800,000, amene akagawidwa pa mipando isanu ndi itatu akupereka 100,000 pa munthu. Sikofunika kufika pa nambala imeneyo, chifukwa nthawi zonse pamakhala mmodzi kapena awiri amene amaunjika zochuluka kwambiri, ena n'kudutsa ndi zochepa. Chofunika ndi kudziwa nthawi iliyonse kuti mulu wanga ungalipire ma blind kangati, ndi anthu angati amene ali pansi panga, ndiponso kuti ma blind akwera pakatha mphindi zingati. Madzulo ndikaweruka ndimayala zitsekerero za mabotolo pa tebulo la kunyumba m'milu yosiyanasiyana, n'kumayesa kuziwerenga ndi maso okha ndili patali, chifukwa pa kasino palibe kompyuta yokuuza kuti mnzako watsala ndi zingati. Mwana wanga wamkazi ndiye amandiyesa mayeso amenewa, ndipo sandikhululukira ndikaphonya.

Palinso malamulo a pa tebulo amene amagwetsa ongozolowera kusewera ndi anzawo kunyumba. Mawu amene wanena nthawi yako ikafika amakumanga, sungawabweze. Ukaponya chip imodzi yaikulu osanena kanthu, wogawa makadi amaitenga ngati wangovomera, osati wakweza. Kuika ma chips pang'onopang'ono maulendo awiri n'koletsedwa, monganso kugwirizana ndi mnzako kuti muzilekererana, chinthu chimene chimayesa anthu kwambiri pa bubble ndipo chingachititse kuti onse awiri achotsedwe. Za kugona mokwanira, kudya bwino ndi kupewa mowa sinditayapo nthawi, pakuti aliyense akudziwa kuti mutu wotopa suwerengera bwino pa ola lachisanu ndi chimodzi la masewera.

Walira mvula walira matope, choncho ndafunsiratu za zimene zingatsatire ngati mpandowo nditaupeza. Mpikisano waukuluwo ndi wa masiku atatu, ndiye ndapempha kale tchuthi kuntchito, ndipo ndafunsa ngati mpando ungagulitsidwe kwa wina kapena ndi wa amene waupambana yekha, chifukwa malo ena salola kuusintha dzina. Pasipoti ndi chilolezo chokhalira m'dziko ziyenera kukhala zosatha ntchito, pakuti popanda chiphaso kasino silipira munthu. Kuno wolowa ayenera kukhala wa zaka 18, pamene ku Las Vegas ndi zaka 21, ndipo amene akulota za kumeneko awerengerenso ndege, viza ndi malo ogona. Malamulo a South Africa salola poker ya ndalama pa intaneti, choncho njira imene Moneymaker adadzera si yotseguka kwa ife okhala kuno, ndipo mnyamata amene akutumiza ndalama ku malo osadziwika a pa foni alibe kokadandaula akamubera. Kwathu ku Malawi za juga zimayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo aliyense woitanidwa ku mpikisano wa makadi ayenera kufunsa kaye ngati okonzawo ali ndi chiphaso.

Ndikudziwa kuti owerenga ena, makamaka anzanga a kumpingo, anena kuti juga ndi juga basi, kaya munthu awerengere masamu otani. Sindiwatsutsa, ndipo sindikulemba kuti ndikope aliyense. Luso lilipo mu poker, koma pa usiku umodzi khadi limodzi likhoza kufafaniza luso lonselo, monga ace uja adandichitira. Amene waona kuti akubisira mkazi wake ndalama zimene wataya, kapena akubwerera ku tebulo kuti akabweze za dzulo, asiye kuwerenga za ma satellite n'kupempha kasino kuti imuletse kulowa, pakuti dongosolo lodziletsa lotere lilipo kuno.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi lakuti mukamalemba za munthu amene walowa ndi zochepa n'kutuluka ndi mamiliyoni, kaya ndi pa makadi kaya pa kubetcha mpira, muzilembanso chiwerengero cha anthu amene adalowa naye limodzi ndi ndalama imene aliyense adalipira, kuti wowerenga athe kuchulukitsa yekha. Ine tsiku la mpikisano ndidzanyamula envulopu ya R1,650, pasipoti, ndi ndalama ya minibasi yobwererera kunyumba imene ndidzaiika m'thumba lina.

Ine wowerenga wanu,
wa ku Johannesburg