Ndalama za chinkhoswe ndigulire ng'anjo ya galasi?

Okondeka Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 27, ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndimagwira ntchito mu shopu yodula magalasi a mawindo ku Limbe. Chonde werengani mpaka kumapeto, chifukwa kunyumba ndikangoyamba nkhaniyi aliyense amapeza chochita.

Mtima wanga uli pa luso loumba ziboliboli za galasi. Sindikunena zija zouzira mpweya ndi paipi, monga amachitira ku Ngwenya Glass ku Eswatini komwe mabotolo akale amasanduka tinjovu ndi matambula. Zanga ine n'zosungunulira galasi m'chikombole. Umayamba waumba chinthucho ndi phula, n'kuchikuta ndi pulasitala wosakaniza ndi ufa wa silika, womwe ndi mchenga wopera. Zikalimba, phula lija umalichotsa ndi nthunzi, m'kati n'kutsala mphako. Ukatero umaika zidutswa za galasi pakamwa pa chikombole, n'kulowetsa m'ng'anjo mpaka kutentha kupitirire madigiri 800, galasi n'kuyenderera kudzaza mphako yonse. Kuti uone chimene chatuluka uyenera kuphwanya chikombolecho, choncho chilichonse chimagwira ntchito kamodzi kokha.

Pamene pagona vuto ndi pa kuziziritsa. Galasi likazizira mothamanga, kunja kumalimba m'kati mukadali motentha, ndipo limang'aluka, mwina pompo, mwina patapita masiku lili kale m'nyumba ya munthu amene wagula. Ndiye ng'anjo iyenera kuima kwa maola angapo pa madigiri pafupifupi 500, kenako izitsika pang'onopang'ono. Chinthu chochindikala chimafuna masiku, chachikulu kwambiri mpaka masabata. Tsono taganizani, Azakhali, ndi mmene magetsi amathimira kwathu kuno. Panopa ndimabwereka ng'anjo kwa mayi wina woumba makapu ndi mbale, kamodzikamodzi iwo akapuma. Ndinaumbapo chambo chobiriwira cha mabotolo a mowa, mamba ake onse kuoneka bwinobwino, koma magetsi anathima pakati pa usiku ndipo m'mawa ndinachipeza chitagawika pakati. Ndinalira. Mabotolonso ali ndi khalidwe lawo: ukasakaniza a mitundu yosiyana samvana pozizira, ndipo nthawi zina pamwamba pamachita mbuu ngati pagwa phulusa. Galasi lenileni loumbira limachokera kunja, monga la Bullseye la ku Portland ku America, ndipo mtengo wake ndi wa madola.

Komabe zina zimatuluka bwino. Tizinthu tating'onoting'ono ndagulitsapo kwa alendo, ndipo bambo wina wa pakampani anandifunsa ngati ndingapange mphoto zopatsa antchito awo kumapeto a chaka. Ndinakana chifukwa ng'anjo si yanga, sindikanalonjeza tsiku.

Tsopano nkhani ndi iyi. Ndili pa ubwenzi ndi mnyamata wabwino, mphunzitsi, ndipo ankhoswe anagwirizana kale kuti chinkhoswe chichitike anthu akakolola. Ine ndakhala ndikusunga ndalama zanga kudzera m'chipereganyu cha kuntchito. Ndiye kwapezeka ng'anjo yogwiritsidwapo kale ntchito ku Johannesburg, yokhala ndi makina oyendetsa kutentha okha, ndipo mtengo wake pamodzi ndi thiransipoti ukutha ndalama zonsezo. Amalume, amene anandilipirira fizi mpaka Fomu 4, akuti zimenezi n'zoseweretsa za azungu. Anandiuza maso ndi maso kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Amayi sakamba zambiri, koma ndikudziwa kuti akuopa manyazi kwa akuchimuna. Bwenzi langa sakuletsa, iye akuti tiyambe tamanga banja, ng'anjo idzabwera pambuyo. Sindimukayikira, koma ndaona akazi anzanga amene anati "pambuyo", lero ali ndi ana atatu ndipo makina awo osokera akuchita dzimbiri kuseri kwa chitseko.

Chimandipweteka n'chakuti amaiona ngati misala, pamene kwina ndi ntchito yolemekezeka. Ku Czech Republic kunali banja la Stanislav Libenský ndi Jaroslava Brychtová. Mwamuna ankajambula, mkazi n'kumaumba ndi dothi, ndipo anagwira ntchito limodzi kuyambira m'ma 1950 mpaka mwamunayo atamwalira mu 2002. Zimene anapanga zili m'nyumba zazikulu zosungiramo zaluso, kuphatikizapo Corning Museum of Glass m'chigawo cha New York ku America. Ndikawerenga za iwo ndimadzifunsa chifukwa chake banja ndi lusoli ziyenera kulimbana kwa ine. Koma sindidzinamiza ayi. Karen LaMonte, amene amaumba madiresi a galasi aakulu ngati munthu weniweni, ndi wa ku America, komabe mu 1999 anapita ku Prague, likulu la Czech Republic, kutsata ng'anjo ndi amisiri odziwa ntchitoyi. Ngati iye anachoka kwawo, nanga ine wa ku Chilomoni? Kuno anthu anazolowera ziboliboli za mtengo, ndipo amene angagule galasi pa mtengo woyenera ndi ochepa. Ngakhale ng'anjoyo itafika, nkhani ya magetsi ikhalapobe, ndipo jenereta yoti ingaikwanitse ndi ndalama zinanso.

Ndithandizeni maganizo, Azakhali. Kodi n'kulakwa kupempha kuti chinkhoswe chisunthe ndi chaka chimodzi, kapena chichitike chaching'ono cha pakhomo, chopanda holo ndi zokongoletsa? Nanga amalume ndiwafike bwanji kuti asaone ngati ndikunyoza thukuta lawo? Ndidzere kwa ankhoswe, kapena ndiyambe ndagwirizana ndi bwenzi langa kuti tikalankhule tili awiri? Ntchito ya ku Limbe sindikufuna kuisiya panopa, ndingamaumbe madzulo ndi Loweruka. Mwini ng'anjoyo wandipatsa mpaka kutha kwa mwezi uno, apo ayi agulitsa kwa wina.

Ine wanu,
Wothedwa nzeru
Chilomoni, Blantyre