Loweruka tikujambula mawu ku Ulóngwe

Mamembala a gulu la zamakompyuta,

Loweruka likudzali tikumana ku Ulóngwe, m'chipinda chathu chija cha kuseri kwa msika, 9 koloko m'mawa. Tidzajambula mawu ophunzitsira makina athu oyankha makasitomala pafoni. Chipwitikizi akumva bwino, koma mlimi wa ku Tsangano akafunsa mtengo wa thumba la mbatatesi m'Chichewa, n'kuponyamo "quinhentos" (500 m'Chipwitikizi) pakati, makinawo amangobalalika. Nanga bizinesi ikula bwanji ndi makina omva a m'tauni okha?

Bweretsani foni yotchaja kale, mahedifoni, ndi mafunso 20 omwe makasitomala amafunsadi, osati opeka. Chopereka ndi 150 meticais pa M-Pesa kapena e-Mola, nkhomaliro ili momwemo. Wobwera ndi agogo, atavomera okha kujambulidwa, salipira: mawu a akuluakulu ndiwo tikuwasowa kwambiri.

Yankhani pa WhatsApp pofika Lachinayi ngati mubwera.