Lipoti la msonkhano wokambirana za kutentha kwa mota pa pulinta ya 3D

Apampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu,

Munandituma kuti ndikaimire gulu lathu pa msonkhano wa eni mapulinta a 3D ndi amisiri a zamagetsi umene unachitikira ku Luwinga, kuno ku Mzuzu. Munandipatsira mafunso atatu: chimene chikutenthetsa mota za pulinta yathu, chimene chikuchititsa kuti chinthu chimene tikusindikiza chisunthe ntchito ili mkati, ndiponso ngati kuli koyenera kugulira mota zatsopano ndalama zimene tasonkha. Nditamva zonse zimene zinakambidwa, ndabwerako ndi maganizo akuti tisagule mota tisanayeze, chifukwa kawirikawiri mota imatentha chifukwa cha magetsi amene ikupatsidwa, osati chifukwa choti yatha.

Amisiri anayamba ndi kutikumbutsa kuti mota za mtundu wa stepper, monga za NEMA 17 zimene zili m'mapulinta ambiri a pakhomo, zimafunda mwachibadwa. Mota yotere imayenda masitepe 200 kuti izungulire kamodzi, ndipo imakokabe magetsi ngakhale itaima, popeza imafunika mphamvu kuti igwire pamalo pomwe yaimapo. N'chifukwa chake pulinta imene mota zake zasiyidwa zili chigwirire imatentha ngakhale isakusindikiza kanthu, ndipo lamulo la M84, limene timatumiza ku pulinta, ndilo limazimasula. Mota ikafika madigiri 55 kapena 60, dzanja silipirira kuigwira nthawi yaitali, komabe mawaya a mkati mwa mota zambiri zotere anakutidwa moti n'kupirira mpaka madigiri 130. Choncho kutentha kumene kwakhala kukutiopsa pokhudza ndi dzanja sikusonyeza kuti mota ikupsa.

Chimene chimavutika msanga ndi pulasitiki. Ulusi wa PLA umene timagwiritsa ntchito umayamba kufewa pa madigiri ozungulira 60, kotero mota yokankha ulusi ikatentha kwambiri, kutenthako kumadutsa mu shafiti kufika pa giya, ulusi umaphwatalala, giya imayamba kuudya m'malo moukankha, ndipo pulinta imapitiriza kuyenda osatulutsa kanthu. Tizitsulo togwira mota tikalowedwa m'malo ndi tina tosindikizidwa ndi PLA, natonso timapindika ndipo lamba amakhwepa. Apa ndinakumbukira chipinda chathu cha denga la malata lopanda siling'i: mu June ndi July kuno kumazizira ndipo vuto silioneka, koma mu October ndi November pulinta imayamba ntchito mpweya wa m'chipinda uli wotentha kale.

Nthawi yaitali inathera pa kachipangizo kolamula mota, kotchedwa driver, chifukwa ndiko kamene kamapereka karenti ku mota. Pa driver ya A4988 pali kabawuti kakang'ono kopotokola, ndipo pamenepo munthu amayeza ndi multimeter (chipangizo choyezera magetsi) mavoti otchedwa Vref. Kawerengedwe kake n'kakuti Vref imafanana ndi karenti imene mukufuna, kuchulukitsa ndi 8, kuchulukitsanso ndi kukula kwa resistor (kachipangizo kochepetsa karenti) ya pa driver. Mota yolembedwa 1 A ndi bwino kuipatsa pafupifupi 0.8 A, choncho ngati resistor yalembedwa R100, Vref ikhale 0.64 V, koma ngati yalembedwa R050, ikhale 0.32 V. Mfundo imeneyi ndikuipempha kuti tiigwiritsitse, pakuti munthu wokopera nambala ya mnzake osayang'ana resistor yake angathe kupatsa mota karenti yowirikiza kawiri. Driver ya DRV8825 ili ndi kawerengedwe kena, ndipo pa driver ya TMC2209 yolumikizidwa kudzera pa UART (njira yoti pulinta izilankhula ndi driver) karenti imasinthidwa ndi lamulo la M906 popanda kukhudza kabawuti. Anatichenjezanso kuti waya wa mota asazulidwe pulinta ili yoyaka, chifukwa driver imapsa nthawi yomweyo.

Pa funso la kusuntha kwa chinthu chimene chikusindikizidwa, ambiri anagwirizana kuti wolakwa nthawi zambiri ndi driver. Ikatentha mopyola malire imadzizimitsa kwa kanthawi kochepa, mota imataya masitepe, ndipo mizere yotsatira imaikidwa pambali. Fani ya m'bokosi la board (pamene pamakhala ma driver) ikadzaza fumbi, ngati fumbi la m'misewu yathu m'chilimwe, izi zimachitika ngakhale karenti ili yoyenera. Karenti yochepetsetsa imataitsanso masitepe, choncho kutsitsa Vref kuli ndi malire ake. Njira yosavuta yoyambira ndi kuzimitsa pulinta n'kukankha mutu ndi bedi ndi dzanja pang'onopang'ono. Pamene pakulimba pali lamba womangidwa mopitirira, matayala othinitsidwa, kapena ndodo ya Z (yokweza ndi kutsitsa) imene yauma girizi.

Panali kusiyana maganizo pa nkhani yomata heatsink (kachitsulo komwaza kutentha) ndi fani pa mota. Ena anati njirayi ndi yotchipa ndipo inawathandiza, pamene ena anati imangobisa matenda. Ine ndili kumbali ya achiwiriwa, ngakhale ndikuvomereza kuti pulinta yotsekeredwa m'bokosi posindikiza pulasitiki wa mtundu wa ABS ingafunike fani yoonjezera. Ife timasindikiza PLA poyera, ndipo mota ikatentha mpaka kufewetsa ulusi, tiyenera kufuna chifukwa chake tisanamate kanthu.

Gawo lachiwiri linali la kutentha kwa nozzle (kamlomo kotulutsa pulasitiki) ndi bedi. Pulinta imadziwa kutentha kudzera pa kachipangizo koyeza kutentha kotchedwa thermistor, imene pa mapulinta ambiri imaonetsa ma ohm 100,000 pa madigiri 25, ndipo nambalayo imatsika kutentha kukamakwera. Waya wake akaduka, pulogalamu yoyendetsa pulinta yotchedwa Marlin imaona ngati kwazizira mopitirira ndipo imalemba MINTEMP. Mawaya akagundana imalemba MAXTEMP. Choopsa kwambiri n'chakuti thermistor ikapulumuka m'bowo lake, imayeza mpweya m'malo mwa chitsulo chotentha cha nozzle, ndipo pulinta imapitiriza kuonjezera moto poganiza kuti sikunatenthe. Chitetezo cha thermal runaway, chimene chimaimitsa pulinta kutentha kukapanda kufika kapena kukhazikika pamene payenera, chinaikidwira zimenezi. Ena pa msonkhanowo anaulula kuti anachizimitsa chifukwa chinkawadulira ntchito, ndipo ndikupempha kuti m'gulu lathu pasapezeke wochita zimenezo, pakuti pulinta yathu ili m'nyumba imene mumagona anthu. Uthenga wa thermal runaway ukamabwerabwera, tiyang'ane ngati thermistor ndi heater zakhazikika, ngati kachikuto ka silikoni ka pa chitsulo chotentha kalipo, ndiponso ngati fani yoziziritsa pulasitiki sikuwombera pa chitsulocho. Kutentha kukamakwera n'kutsika mosakhazikika, lamulo la M303 E0 S200 C8 U1 limachititsa pulinta kudziyesa yokha, ndipo M500 imasunga zotsatira zake.

Pogula heater tiziwerenga mavoti ake. Heater ya 40 W ya 24 V imaonetsa ma ohm pafupifupi 14.4, pamene ya 12 V imaonetsa 3.6, ndipo ya 12 V ikalumikizidwa ku 24 V imatulutsa mphamvu yowirikiza kanayi, mawati 160. Pooneka n'zofanana, multimeter yokha ndiyo ingazisiyanitse ngati zolemba zafufutika. Anatikumbutsanso mwachidule kuti fani ya pa heatsink ya mutu ikafooka, kutentha kumakwera m'mwamba n'kutseka njira ya ulusi, kuti paipi ya PTFE yodutsamo ulusi imawonongeka tikamasindikiza pa madigiri ozungulira 250, ndiponso kuti kaswichi ka 115 V ndi 230 V ka pa power supply kazikhala pa 230 V monga magetsi a dziko lino alili.

Apampando, ndikupempha kuti komiti ivomereze kuti mbali ya ndalama za mota igulire multimeter yokhala ndi waya woyezera kutentha, fani yatsopano ya board, thermistor yosungira ndi girizi. Ndikupemphanso kuti pa tsiku la ntchito likubwerali tiyeze Vref ya driver iliyonse, tilimbitsenso mabawuti ogwira mawaya a magetsi pa board, tiyese chitetezo cha thermal runaway pali mmisiri, ndipo tilembe m'kope kutentha kwa mota iliyonse pulinta itagwira ntchito ola limodzi masana. Mota imene idzatenthabe kuposa zinzake karenti itakonzedwa ndiyo ndidzabweretse ku komiti kuti tikambirane zogula ina.

Ine nthumwi yanu.