Usafulumire kulemba kuti vuto la lambda latha

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino ku Cape Town. Ife kuno tili bwino, amayi ako akupereka moni. Chaputala chachitatu chija cha kafukufuku wako ndachiwerenga, bolopeni yofiira ili m'manja monga ndinkachitira ndi makope a ana a Fomu 4. Ntchito waigwira ndithu. Ndadula mzere pansi pa chiganizo chimodzi chokha, pamene walemba kuti graviton (kanthu kakang'onong'ono kamene akuganiza kuti kamanyamula mphamvu yokoka zinthu) ikakhala ndi kulemera, vuto la cosmological constant, imene timaitchanso lambda, latha. Chimenecho uchichotse.

Einstein anaika lambda, nambala yoimira mphamvu yokankha yolimbana ndi mphamvu yokoka, m'masamu ake mu 1917 pofuna kuti thambo likhale chiimire. Hubble ataonetsa mu 1929 kuti milalang'amba ikutalikirana, anthu anaitaya. Inabwereranso mu 1998, gulu la Perlmutter ndi la Schmidt ndi Riess litayeza kuwala kwa nyenyezi zophulika zakutali n'kupeza kuti kufutukuka kwa thambo kukufulumira. Apa mafunso alipo awiri, ndipo iwe wawamanga mtolo umodzi. Loyamba: n'chiyani chikufulumizitsa kufutukukaku? Lachiwiri: bwanji lambda ili yochepa chonchi, pamene masamu a quantum, ofotokoza tinthu tating'onoting'ono, amatha kupereka nambala yoposa yoyezedwayo kuwirikiza 1 wotsatiridwa ndi maziro 120? Graviton yolemera ingayankhe loyambalo, chifukwa mphamvu yokoka ingamafooke pa mitunda italiitali. Lachiwiri sunalikhudze, ndipo okuyesa mayeso adzayambira pomwepo.

Njira wasankhayi, ya graviton yolemera, yagwetsapo akuluakulu. Fierz ndi Pauli anailambula mu 1939. Mu 1970 van Dam, Veltman ndi Zakharov anaonetsa kuti, kulemerako kuchepe bwanji, kuwala kodutsa pafupi ndi dzuwa kukanapindika magawo atatu okha mwa anayi a mmene timayezera. Vainshtein anapeza potulukira mu 1972, koma chaka chomwecho Boulware ndi Deser anavumbula ghost, gawo la masamu lobweretsa mphamvu yotsika kuposa ziro mpaka zonse n'kusokonekera. Panapita zaka 38 kuti de Rham, Gabadadze ndi Tolley alembe masamu opanda chilemacho mu 2010. Anthu amenewa sanali aulesi, mwana wanga. Aliyense ananena chimene masamu ake anamulola, n'kulekera pomwepo.

Unandiuzanso pa foni kuti anzako ena akukuseka kuti LIGO, makina a ku America oyeza mafunde a mphamvu yokoka, inakwirira kale nkhaniyi. Zimenezo zisakudwalitse mutu. N'zoona kuti graviton ikanakhala yolemera, mafunde ataliatali akanatsalira m'mbuyo mwa aafupi poyenda ulendo wautali, ndipo kuyambira pa 14 September 2015, pamene LIGO inagwira mafunde oyamba, kutsalira kotero sikunaoneke. Pa 17 August 2017 mafunde ochokera ku nyenyezi ziwiri za neutron zogundana anafika, kuwala kwa gamma n'kutsatira patangopita masekondi 1.7, pa ulendo wa zaka pafupifupi 130 miliyoni, kusonyeza kuti mafundewo amayenda pafupifupi ndendende pa liwiro la kuwala. Malire amene LIGO ndi Virgo, makina anzake a ku Italy, aika pa kulemera kwa graviton ali cha pa 10^-23 eV (eV ndi muyezo wa kulemera kwa tinthu tating'onoting'ono). Koma kulemera kumene iwe ukufuna kuti kufulumizitse thambo kuli cha pa 10^-33 eV, kochepa kuwirikiza mabiliyoni khumi. Ukaika njere imodzi ya mawere pa sikelo ya chimanga, muvi sugwedezeka. Sikeloyo sinanene kuti njereyo ilibe kulemera, sinanenenso kuti ili nako. Pamenepo ndi pamene mwaima, iwe ndi okusekawo.

Ndiye chonde, m'malo mwa chiganizo chija lemba mosabisa funso limene masamu ako akuyankha ndi limene akulisiya. Kenaka uwonjezere ndime imene sindinaione m'chaputala chonse, yonena muyezo umene ungagwetse ganizo lako. Gulu la DESI, loyeza kutalika kwa milalang'amba, linatulutsa zotsatira mu 2024 ndi 2025 zosonyeza kuti mwina dark energy, mphamvu imene ikufulumizitsa kufutukuka kwa thambo, imasintha ndi nthawi. Zikadzatsimikizika, masamu ako apirira kapena agwa? Ndikudziwa kuti ndalama za sukulu zikupita kumapeto ndipo mtima ukufuna mawu akuluakulu oti akutsegulire khomo la ntchito. Komabe dzina lako lidzakhala pa pepala limenelo moyo wako wonse, ndipo ine ndikufuna udzathe kuima nalo pamaso pa aliyense.

Ukambirane ndi aphunzitsi ako usanapereke, ndipo chaputala chokonzedwacho unditumizire. Amayi ako akufunsa ngati ubwera pa Khirisimasi.

Ndine bambo ako.