Zishango za makolo athu zikuthera kuti?

A Mkonzi,

Ndimakhala ku Leeds, mzinda wa ku England, ndipo Loweruka ndinapita ndi ana ku Royal Armouries, myuziyamu ya zida zankhondo zakale yomwe anaitsegula mu 1996, kulowa ndi ulere. Abale, kuli chovala chachitsulo cha njovu chochokera ku India, tizitsulo tambirimbiri tolumikizana kuphimba mutu mpaka chitamba, mwana wanga anangoti kukamwa yasa. Kulinso chisoti cha nyanga chomwe Maximilian, mfumu yaikulu ya ku Ulaya, anapatsa Henry VIII, mfumu ya ku England, mu 1514, mpaka lero chili bwinobwino.

Koma ine mtima unandipweteka chifukwa ndinakumbuka chishango cha chikopa cha ng'ombe cha agogo anga ku Ntcheu, amavina nacho ngoma, atamwalira tinangochiponya kudenga chiswe n'kudya, nthungo ija amalume anagulitsa kwa mzungu wina pamtengo wa sopo.

Chonde mafumu athu achingoni ndi a zamamyuziyamu, yendani m'midzimu mutolere zibonga, mauta ndi mikondo zomwe zatsala, mulembe dzina la mwini wake ndi mudzi wake agogo odziwa mbiri yake akadali moyo.

Wowerenga wanu,
Leeds